Ampulifaya ya m'khutu ilibe sipeya

Pa Cisanu sabata yatha, ca m'ma 17 hours, ndinacedwa kufika pa siteshoni. M'basi yopita kwathu ku Matero munatsala mpando umodzi cabe, wa kumbuyo kwenikweni pakona, pamene pansi pake pamakhala cisipika cija cacikulu monga katoni ya sopo. Inu amene mumakwela basi tsiku ndi tsiku mudziwa zimene ndikamba. Cikayamba kulila, nyimbo siilowa m'makutu mokha. Imagwedeza mpando, imakwela ndi msana, mpaka mano amamva. Pa Lumumba Road tinapeza jamu. Uku huta, uku huta, conductor wathu naye mutu uli panja pa windo, akali kuitana anthu ngakhale kuti basi inali yodzala kale.

Ndinakuwa kucokela kumbuyo: "Ba conductor, uzani ba driver acepetseko volume!"

"Ah, ba boss, lelo ni Friday!"

Basi yonse inaseka, ine ndinaseka nawo. Koma nditafika kunyumba kuseka kunatha. M'khutu la kumanzele munali kulila kanthu, tiiii, monga udzudzu umene suoneka. Ana akamakamba, mau ao anali kumveka ngati ali pansi pa bulangeti. M'mawa mwake zonse zinali bwino. Kale ndikanaiwala nkhani imeneyi, koma masiku ano sindiiwala, cifukwa ca amalume anga.

Amalume, mlongo wao wa amai, anayamba monga conductor ali mnyamata, pambuyo pake anayendetsa minibasi zaka zoposa 20. Manje ali pa nyumba ku Chawama, ndipo kwa zaka zingapo takhala tikuwanena kuti ni munthu wovuta. Kamdzukulu kao kakabwela n'kunena kuti, "Ambuya, nsima yapsa," iwo ali phee. Kakabweleza, iwo: "Ati bwanji?" Ndiye wina wa ife amatopa n'kukuwa. Pamenepo amalume amadzidzimuka n'kukalipa: "Iwe, unikuwila ciani? Nine gonthi ine?"

Tonse tinagwilizana kuti mdala amasankha zakumva. Munthu angalephele bwanji kumva mau apansi, koma ukakweza pang'ono akuti wamupweteka m'makutu? Ena anati ni litsilo la m'khutu, mpaka anayesa kutokosa ndi kamtengo ka macisi. Potsilizila tinawapeleka ku cipatala kukapimitsa makutu. Mai amene anawapima anawaveka mahedifoni, nawauza kuti azikweza dzanja akamva kulila. Atatha, anationetsa pepala lokhala ndi mzele wotsika monga msewu wolowa m'dambo, n'kutiuza kuti amalume sanali kunama. M'khutu la munthu aliyense muli ampulifaya yamoyo, ndipo yao inafa. Kucokela tsiku limenelo ndakhala ndikuwelenga za cinthu cimeneci, ndipo ndaona kuti nkhaniyi ni yathu tonse okwela mabasi.

Ulendo wa mau

Mau ni kugwedezeka kwa mphepo. Conductor akakuwa kuti "Tauni, tauni!" mphepo imanjenjemela, kunjenjemelako kumalowa m'ciboo ca khutu n'kukagunda kacikopa kopyapyala kamene timati ng'oma ya m'khutu. Kuseli kwa ng'omayo kuli tumafupa tutatu tolumikizana. Kothela kake ndiko kafupa kakang'ono kwambili m'thupi lonse, kotalika pafupifupi mamilimita 3, kosafika ngakhale pa kambeu ka mpunga. Ng'oma ni yaikulu, koma kakhomo kamene kafupa aka kamakankha ni kakang'ono, motelo mphamvu yonse imaunjikana pamalo amodzi n'kukula pafupifupi nthawi 20. Izi n'zofunika cifukwa kuseli kwa kakhomoko kuli madzi, ndipo madzi sagwedezeka msanga monga mphepo.

Madziwo ali m'kanthu kopindika monga cigoba ca nkhono. Madokotala amakachula cochlea, ife tingoti nkhono. Kukula kwake ni monga nsawawa imodzi, yobisika mkati mwa fupa la mutu, koma mutaitambasula ingatalike pafupifupi mamilimita 35. Mkati mwake, kucokela pakhomo mpaka kunsonga, mwayalidwa kalamba kopyapyala. Pafupi ndi khomo kalambaka n'kakang'ono ndi kolimba, kunsonga n'kotambalala ndi kofewa. Amene anagwilapo kalimba adziwa: tuzitsulo tufupi tumalila mau aang'ono okwela, tutali tumalila mau aakulu a besi. M'nkhono namo n'cimodzimodzi. Kulila kwa wisilo kumagwedeza pakhomo, kugunda kwa besi kumakagwedeza kunsonga. Ndiye cifukwa cake khutu labwino la mwana limasiyanitsa mau kuyambila ogwedezeka ka 20 pa sekondi mpaka ka 20,000.

Amene anaona zimenezi ndi maso ni Georg von Békésy wa ku Hungary, munthu amene anayamba nchito yake pofufuza za matelefoni. Anali kutsegula makutu a mitembo n'kuona mmene funde limayendela pa kalamba kaja, ndipo mu 1961 analandila mphoto ya Nobel. Koma panali cinthu cimodzi cimene khutu la mtembo silikanamuonetsa. Tifikako.

Conductor mmodzi, mipando itatu

Pamwamba pa kalamba kaja pakhala maselo amene ali ndi tutsitsi pamutu. Anayamba kufotokoza malo amenewa ni Alfonso Corti wa ku Italy mu 1851. Si tsitsi leni-leni monga la kumutu, koma tuminga tofewa toimilila m'magulu, tufupi kutsogolo, tutali kumbuyo, monga ana a sukulu pojambulitsa. Pa nsonga ya kalikonse pali kacingwe kokamangilila ku kanzake katali, ndipo kumapeto kwa kacingweko kuli kacitseko. Munaionapo basi imene citseko cake amacita kukoka ndi cingwe? Ni mmenemo. Funde likafika, tutsitsi tumapendekeka, tuzingwe tumakoka, tuzitseko tumatseguka, ndipo mcele wochedwa potassium umene uli m'madzi a m'nkhono umathamangila mkati mwa selo. Pamenepo kugwedezeka kwasanduka magetsi. Tuzingwe utu asayansi anatuona koyamba mu 1984. Kupendekeka kumene kumafunika kuti selo idziwe kuti kwabwela mau n'kocepa zedi: tengani milimita imodzi, muigawe zidutswa 1,000,000, kacidutswa kamodzi n'kokwanila.

Maselo amenewa ali mitundu iwili. M'khutu limodzi muli mzele umodzi wa maselo amkati, pafupifupi 3,500, ndi mizele itatu ya maselo akunja, pafupifupi 12,000. Cimene cinazunguza asayansi kwa zaka zambili n'cakuti pafupifupi mitsempha yonse yopeleka uthenga ku ubongo, 95 mwa 100 iliyonse, imacokela ku maselo amkati ocepawo. Nanga 12,000 enawa nchito yao n'ciani?

Yankho lili m'basi. Ambuya akhala mpando wa kumbuyo, mau ao ni apansi: "Niseluka apa pa filling station." Driver sangamve. Koma amene ali pafupi amanyamula mauwo: "Aseluka!" Mpando wotsatila ukweza: "Aseluka ambuya!" Wacitatu ukuwilatu: "Conductor, imika basi!" Pamenepo conductor amagogoda pa denga, driver n'kuponda buleki. Maselo amkati ndiwo conductor, okhawo amene amakamba ndi driver, amene ni ubongo. Maselo akunja ndiwo mipando itatu ija. Iwo sapeleka uthenga kutsogolo okha, koma amakuza mau apansi kuti conductor awamve.

Amacita bwanji zimenezi? Amavina. Selo yakunja ikalandila magetsi aja imafupika, magetsi akabwelela imatalika, ndipo imacita izi motsatila funde, nthawi masauzande pa sekondi imodzi. Ni monga kukankha mwana pa katungwe: simufunika mphamvu zambili, mungokankha pa nthawi yake, katungwe n'kumakwela. Maselo akamafupika ndi kutalika pamodzi, amakoka kalamba kaja n'kukagwedeza kwambili pamalo eni-eni a mau amenewo. Kugwedezeka kwa mau apansi kumakula nthawi 100 kapena kuposa. Ndiponso cifukwa amakuza pamalo amodzi cabe, amathandiza khutu kupatula mau ofanana, kuti mumve mnzanu akamakamba pakati pa congo ca pa City Market.

Munthu woyamba kuganizila zimenezi anali wacinyamata wina wochedwa Thomas Gold, ku England, mu 1948. Iye anati kanthu kogwedezeka m'madzi kamazilala msanga, motelo khutu silingamve bwino conco popanda cinacake coonjezela mphamvu, monga mmene zilili mu wailesi. Akatswili a makutu sanamulabadile, ndipo iye anapita kukachuka pa maphunzilo a nyenyezi. Békésy sakanaiona ampulifaya imeneyi cifukwa imagwila nchito m'khutu lamoyo cabe. Panapita zaka 30. Mu 1978, David Kemp ku London anaika kamaikolofoni m'ciboo ca khutu, n'kuliza kamau kakafupi, ndipo anamva khutu likubweza mau akeake. Khutu limalila! Mu 1985 William Brownell ndi anzake anaona selo yakunja ikufupika ndi kutalika poipatsa magetsi. Wasayansi wina wa ku Britain, Jonathan Ashmore, anafika pojambula selo imodzi ikuvina nyimbo ya Rock Around the Clock, ndipo kavidiyo kameneka kali pa intaneti mpaka lelo. Mu 2000, gulu la Peter Dallos ku Northwestern University ku America linapeza puloteni imene imacititsa kuvinaku, n'kuipatsa dzina lakuti prestin, kucokela ku liu la oimba lotanthauza kufulumila.

Zimene Kemp anapeza ndizo zimagwilitsidwa nchito popima makutu a makanda. Khanda silingakweze dzanja kuti lamva. Koma akaika kamakina m'khutu lake lili mtulo, khutu likabweza mau, ndiye kuti maselo akunja ali moyo ndipo agwila nchito.

Cifukwa cake amalume amakalipa

Apa ndipo ndinamvela manyazi. Ampulifaya ya m'khutu ni yocenjela: imakuza kwambili mau apansi, koma mau akakhala okwela kale imangowasiya adutse. Anthu a m'basi sabweleza mau a munthu amene wakuwa yekha. Tsono maselo akunja akafa, mau apansi amasowa, koma mau okwela amafika monga kale. Kukula kwa mau amakupima m'ma decibel. Kunong'ona kuli pafupifupi pa 30, kukambilana kwa masiku onse pa 60. Munthu amene maselo ake akunja anatha amataya ma decibel 40 mpaka 60. Kunong'ona kwa mdzukulu kulibiletu, kukamba wamba kumamveka patali-patali, koma mukakuwa, congo conse cimawagwela mwadzidzidzi. Kwa amalume palibe pakati. Kucoka pa zii kufika pa kuboola m'makutu ni sitepe imodzi. Zaka zonsezi tinali kuwanena kuti ni amwano, pamene ife ndife tinali kuwapweteka.

Cina n'cakuti maselo a mbali ya kukhomo la nkhono, a mau okwela, ndiwo amayamba kufa. Pa pepala la munthu amene wagwila nchito m'congo, mzele kambili umayamba kugwa pa mau ogwedezeka ka 4,000 pa sekondi. Kumeneko n'kumene kumakhala tumau monga s, f ndi t. Munthu amamva ndithu kuti wina akamba, koma mau amakhala opanda m'mphepete. "Fifteen" ndi "sixteen" zimafanana, "fifty" ndi "sixty" cimodzimodzi. Ndikaganiza mikangano ya cenji imene ndaona m'mabasi, ndimadzifunsa kuti ingati inali ya kuba ndipo ingati inali ya makutu. Mau a ana ndi a azimai, pokhala okwela, ndiwo amavuta kwambili. N'cifukwa cake amalume amamva bwino mnzao wa mau a besi pa nsolo, koma kamdzukulu kao iyai.

Nkhuku ipambana munthu

Basi ikafa ampulifaya, driver amapita kukagula ina. Khutu lilibe shopu yotelo. Maselo amene munabadwa nao ndiwo omwewo mpaka kumanda. Mu 1988 asayansi anapeza kuti mbalame zikaonongeka maselo amenewa ndi congo, ena atsopano amamela. Nsomba nazo zimatelo. Nkhuku imene mwanyamula m'basi kucokela ku Soweto Market ingagonthe ndi cisipika n'kucila, koma inu mwini wake simungacile. Kwa munthu ndi nyama zonse zoyamwitsa, selo ikafa pamatsala cipsela.

Nanga kulila kuja kwa tiiii kumene kunatha m'mawa? Kumeneko n'kutopa kwa maselo. Congo cikakula, tutsitsi tumapindika mopitilila, tuzingwe twina tumaduka, selo imalefuka. Ikapatsidwa mpumulo, zambili zimakonzeka. Koma udzu umene wapondedwa kamodzi umadzuka, pamene wopondedwa m'mawa ndi madzulo umasanduka njila. Coipa n'cakuti palibe kuwawa, palibe magazi. Maselo amafa ocepa-ocepa, ndipo munthu amadzazindikila papita zaka, pamene ayamba kuona ngati anthu onse masiku ano akamba cam'kamwa.

Cimene cimapha ni kukula kwa congo pamodzi ndi kutalika kwa nthawi. Bungwe la ku America loona za umoyo wa anchito, NIOSH, limati pa ma decibel 85 munthu asapitilile maola 8 pa tsiku, ndipo mukaonjezela ma decibel 3 cabe, nthawiyo idulidwe pakati. Pa 88 ni maola 4, pa 91 maola 2, pa 94 ola limodzi, pa 100 mphindi 15 cabe. Simufunika makina kuti mudziwe pamene muli. Ngati mufunika kukweza mau kuti munthu amene mungamugwile ndi dzanja akumveni, congo cafika kale poopsa. Yesani zimenezi mawa m'basi.

Ife okwela timakhalamo ola limodzi m'mawa, lina madzulo. Driver ndi conductor amakhalamo kuyambila 05 hours mpaka usiku, masiku onse, ndiponso windo la driver lili pafupi ndi mahuta a anzake. Amene ali pangozi kwambili ndi cisipika ni eni ake amene amacikonda. Ndipo pali cizolowezi cina cimene ine ndinali naco: basi ikacita congo, ndinali kuvala ma earphone n'kukweza volume ya foni kuti ipose congo ca basi. Kumeneko ni kuzima moto ndi palafini. Bungwe la World Health Organization limati acinyamata oposa 1 biliyoni pa dziko lonse ali pangozi yoononga makutu cifukwa ca kamvedwe kotele ka nyimbo.

Si congo cokha. Ukalamba nawo umadya maselo amenewa, ndipo mankhwala ena amawakhudza. Amene anamwapo kwinini pa malungo akumbuka mmene m'makutu munali kulilila, ngakhale kuti kumeneko kambili kumatha mankhwala akatha. Manyeleti ena amphamvu monga gentamicin, streptomycin ndi kanamycin angaphe maselowa kothelatu. Mankhwala amenewa amapulumutsa moyo, motelo musaleke mwekha. Koma mukayamba kumva kulila m'makutu kapena kumva mocepa muli pa mankhwala, uzani adokotala tsiku lomwelo.

Zimene tingacite

Sindikamba kuti mabasi akhale zii monga pa malilo. Nyimbo zimafupikitsa jamu, ndipo ine ndine woyamba kugwedeza mutu ikalila kalindula yakale. Koma pakati pa nyimbo ndi cilango pali malile. Ba driver, mukatsitsa pang'ono cabe, nthawi imene makutu anu angapilile imawilikiza kawili. Huta ni yocenjeza ngozi, si yoitanila makasitomala kucokela ku Kanyama mpaka m'tauni. Inu makolo, musakhazike khanda pa mpando wa cisipika, pemphani kusinthana ndi wina. Mukacoka ku kitchen party kapena ku chalichi kumene masipika anali pamutu panu, ndipo m'makutu mulila, apatseni makutu tsiku la mpumulo. Amene mugwila nchito pa cigayo, pa welding kapena pocheka matabwa, tuzotseka m'makutu tumapezeka m'ma hardware, ndipo mtengo wake sufika pa wa kamakina kothandiza kumva. Ngati m'makutu mwalila masiku angapo osaleka, kapena pa nyumba akudandaula kuti mumakweza TV kwambili, pitani ku kiliniki akakutumizeni kwa opima makutu. Ku UTH kuli cigawo coona za makutu, mphuno ndi pakhosi. Ndipo kamtengo ka macisi kasiyeni m'bokosi: nkhono ili kutali, cimene mungafikile ni ng'oma, n'kuiboola.

Amalume anauzidwa kuti kamakina kovala m'khutu kangawathandize. Kameneka ni ampulifaya ya mabatile yogwila nchito imene maselo ao anali kugwila, kukuza mau apansi n'kusiya okwela. Pa banja tayamba kusonkha ndalama. Pakali pano taphunzila kukamba nao mwa njila ina. Timayamba tazima TV. Timaima kutsogolo kwao kuti aone milomo. Timakamba pang'ono-pang'ono, momveka, osakuwa.

Pa Sondo ndinapita kukawaona, ndipo ndinawasimbila za cisipika ca pa Cisanu ndi yankho la conductor uja. Anapukusa mutu.

"Iwe mwana, nenze so na ine. Pasenja akakamba za volume, nenze kuikilako dala."

Tikali kukamba, kamdzukulu kanabwela. Sikanaitane kucokela kukhichini monga kale. Kanazungulila mpando, kanaima pamaso pao, kanawagwila pa bondo.

"Ambuya, nsima yapsa."

"Namvela, mama. Tiye."

Pa Mande m'mawa ndinafika msanga pa siteshoni n'kusankha mpando wa pakati. Basi itangonyamuka, cisipika cinayamba. Ndinapemphanso kuti atsitseko. Conductor anali pafupi kuyankha zanthabwala, koma mai wina wa khanda kumbuyo anati, "Zoona, cepetsani, mwana agona." Bambo wa pambali pake anabweleza mokweza, winanso kutsogolo anaonjezela. Driver anayang'ana pa galasi, n'kutambasula dzanja ku wailesi.